Makhadi a chitenje ndi chinyezi cha ku Mzuzu

Mwezi wa Seputembala ukangoyamba, tebulo la pabalaza pathu ku Chibavi limadzaza ndi mapepala, guluu ndi zidutswa za nsalu, chifukwa pa 15 Okutobala ndi Tsiku la Anakubala ndipo ofuna makhadi opangidwa pamanja amayamba kufunsa nthawi idakalipo. Ndimagwiritsa ntchito makina ang'onoang'ono a Sizzix Big Shot, amene safuna magetsi. Chikombole chachitsulo chokhala ndi milomo yakuthwa chimaikidwa pamwamba pa pepala, zonse ziwiri zimapanikizidwa pakati pa timatabwa tiwiri ta pulasitiki, ndipo munthu akapukusa chogwirira, pepala limatuluka mbali inayo litadulidwa ngati duwa, tsamba kapena mtima.

Kudulako n'kosavuta. Chimene chinanditengera nthawi yaitali kuti ndichimvetse ndi khalidwe la pepala lenilenilo. Pepala losindikizira la 80 gsm (muyeso wa kulemera kwa pepala, m'magalamu pa sikweya mita imodzi) ndi lopyapyala kwambiri moti khadi lake silingaime palokha, choncho thunthu la khadi ndimapangira pepala lolimba la 250 kapena 300 gsm. Pepala limodzi la A4 ndimalidula pakati, ndipo theka lililonse likapindidwa limapereka khadi la mamilimita 105 m'lifupi ndi 148 m'litali, lomwe limalowa bwino mu envelopu ya C6. Ndisanapinde ndimayamba ndadinda mzere ndi rula ndi msana wa mpeni, apo ayi pepala lolimbalo limasweka pamsana ndi kuonetsa ming'alu yoyera imene singabisike.

Mapepala okongoletsera ochokera kunja ndi okwera mtengo ndipo sapezeka nthawi zonse, n'chifukwa chake ndinatembenukira ku chitenje. Telala wina amene amasokera pafupi ndi msika wa Taifa amandisungira zidutswa zotsala, ndipo ndikafika amandilandira ndi mawu akuti, “Amayi, mwabwera kudzatenga zinyalala zanu zija?” Kwa ine si zinyalala ayi. Nsalu yokha zikombole zopyapyalazi siziidula bwino, pakuti imanyunyuka ndipo ulusi umatsalira m'mphepete. Ndimayamba ndaisita, kenako ndimaimata papepala ndi guluu wochepa wofalitsidwa mofanana, ndipo ikauma imadulika ngati pepala, makamaka pa zikombole zosavuta monga mtima ndi tsamba. Zikombole za timaluwa tosongoka ndimazisiyira mapepala okha.

Pakuumapo ndi pamene nyengo ya kwathu kuno imalowererapo. Chaka china ndinamata nsalu mu Disembala pokonzekera makhadi a Khirisimasi, mvula ikugwa pafupifupi tsiku lililonse. Ndinaona ngati zauma ndipo ndinapitiriza ntchito, koma kutacha makhadi onse anali atapindika ngati tsamba la nthochi lofota, ndipo ena anachita timadontho ta nkhungu m'masiku otsatira. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa ena mwa makhadiwo anali a mayi wina wa kutchalitchi kwathu amene ankafuna kutumizira ana ake ku Johannesburg. Chifukwa chake n'chakuti guluu wa madzi amafufumitsa mbali imodzi ya pepala, ndipo mpweya ukakhala wachinyezi madziwo amachedwa kuchoka. Ngakhale mu Juni ndi Julayi, pamene kuno kumazizira ndi kuchita nkhungu ndi mvula yowaza, vutoli limabweranso.

Kuyambira pamenepo ntchito yonse yomata nsalu ndimaichita mu Seputembala ndi Okutobala, kunja kukakhala kouma, ndipo ndimakonzeratu zokwanira mpaka Khirisimasi ndi maukwati a chaka chotsatira. Mapepala omatidwawo ndimawatsendereza ndi mabuku olemera usiku wonse, kenako ndimawasunga m'chidebe cha pulasitiki chotseka bwino. Nyengo ya mvula ndimangodula ndi kulumikiza ndi tepi yomata mbali zonse ziwiri, yomwe ilibe madzi.

Mkati mwa khadi ndimalemba ndi dzanja m'chinenero chimene wolandirayo amayankhula pakhomo pake. Ambiri kuno amapempha Chitumbuka, ndipo khadi loyamba la chaka chino, lokhala ndi masamba atatu a chitenje chobiriwira, lalembedwa kuti “Yewo chomene, amama.” Mwini wake adzalitenga Loweruka, kuti alitumize kumudzi ku Rumphi tsikulo lisanafike.