Kuchoka pa tebulo la ku Barras mpaka shopu yathuyathu

Abale, sabata ino ine ndi mayi akunyumba tatsegula shopu yathu kuno ku Glasgow, ndiye ndati ndifotokoze momwe geniyi yayendera poti ambiri mwakhala mukufunsa. Timagulitsa mabuku akale, malekodi a vinyl ndi ma CD, ndipo tinayambira pa tebulo limodzi ku msika wa Barras Loweruka ndi Lamlungu, katundu tikunyamula m'masutikesi pa basi.

Chatifikitsa pano ndi kudziwa nyengo basi. Kuno mu Juni dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku, anthu sakhala m'nyumba, ali kumapaki, chilimwe chomwecho ena ku chikondwerero cha nyimbo cha TRNSMT pa Glasgow Green, Ogasiti yense khamu lili ku Edinburgh kuzikondwerero. Nthawi imeneyo zoyenda malonda ndi timabuku topepuka tolowa m'thumba, zachikondi ndi za apolisi zoti munthu amalize ali pa sitima, nyimbo nazo ndi zovina, reggae, afrobeats, disco yakale. Koma Seputembala akangofika masamba nkuyamba kufiira, kasitomala yemwe uja amabwera atavala chijasi akufuna chibuku chonenepa cha mbiri yakale kapena ndakatulo, ndipo ku bokosi la malekodi dzanja lake limangopita pa jazz, soul, folk ndi nyimbo za piyano zija zomvera uli phee ndi tiyi. Ana asukulu a University of Glasgow ndi Strathclyde nawo amakhala afika akusaka mabuku otchipa. Lamlungu lomaliza la Okutobala mawotchi akabwezedwa ndi ola limodzi, kumada 5 koloko isanakwane, ndiye nkhani za mizukwa za pa Halloween zimatha ngati zitumbuwa zamoto. Okutobala yemweyo kuno ndi Black History Month, mwezi wokumbukira mbiri ya anthu akuda, ndipo shelefu ya alembi a ku Africa, yomwe ndimainyadira kuposa zonse, imatsala mbee. Amalawi anzathu nawo mdima ukayamba amafunsa nyimbo zakwaya, munthu akakumbuka kuti kumudzi kukutentha anthu akugalauza kudikira mvula, mtima umafuna Chichewa.

Ndiye chilimwe chonse ife timakhala tikugula ndi kusunga katundu wa miyezi itatu yoyambira Seputembala, ndi masika athu.

Apa mpomwe tinalirira. Mu Malichi 2020 lockdown itabwera msika unatsekedwa, katundu yense tinakamuika mu galaja ya lendi yomwe mwini wake analumbira kuti sikulowa madzi. Titapita kukatsegula tinapeza denga likudontha, makatoni anyowa mpaka pansi, mabuku atupa achita chuku, zikuto za malekodi zamatirira. Mayi akunyumba anangokhala pansi pakhomo pomwepo osayankhula. Mwini galaja foni anasiya kuyankha mpaka lero, Mulungu amuone. Tinapita ku banki ina kukapempha ngongole yochepa, bwana wake anatiuza maso ali gwa kuti masiku ano anthu amawerenga pa foni ndipo nyimbo zili pa Spotify, chonsecho malonda a vinyl ku Britain akhala akukwera chaka ndi chaka kwa zaka zoposa 15. Bwana inu mukadutsa mbali ino lowani, mudzaone anthu a pafoni aja ali pa mzere. Ndipo inu ogulitsa pikulitsa amene mumaika malekodi abwino pamwamba okalika pansi pa katoni, tinakudziwani, sitibweranso.

Anatidzutsa ndi chipereganyu cha Amalawi akuno, anatipatsa ndalama ulendo wathu usanakwane. Zikomo amayi ndi abambo a gulu lija, simunafunse pepala lililonse. Zikomo mayi akunyumba amene munagwira mashifiti ausiku kosamalira okalamba kuti lendi ilipidwe, m'mawa nkudzapukutanso malekodi maso ali psuu. Zikomo a kutchalitchi amene munatibwereka vani, achimwene amene munakhoma mashelefu onsewa osalandira kanthu, agogo achi Scottish aja amene anatipatsa mabuku onse a malemu amuna awo nati akufuna awerengedwe, anzathu a matebulo oyandikana nafe ku Barras amene ankatiyang'anira katundu, ndi achemwali ku Zomba amene amatisakira ma CD akwaya ndi mabuku a Chichewa. Makasitomala athu amene munkaima pa mvula kusankha mabuku, shopuyi ndi yanu.

Pano mashelefu a nyengo ino tadzaza kale, jazz ndi soul zili kutsogolo, za mizukwa zili pafupi ndi khomo, mabuku a ana a Chichewa afika ochepa ndiye fulumirani. Lekodi iliyonse mumayamba mwaimvera musanalipire, ana asukulu tikuwachotserako mtengo mpaka Okutobala atha, ndipo ngati muli ndi mabuku kapena malekodi akungokhala m'nyumba bweretsani tigula kapena tisinthana. A kutali ngati Manchester ndi London tilembereni ku inbox, timatumiza pa positi.