Loweruka la mango ndi Zelda

Mvula yayamba m'bandakucha ndipo mpaka cha m'ma 9 Chibavi yense kuno ku Mzuzu anali mu chifunga, nde zochapa ndinangozisiya kaye. Alamu anga afika dzulo usiku kuchokera ku Nkhata Bay ndi ndowa ziwiri za mango, maboloma pamwamba, ang'onoang'ono a ulusi aja pansi, kuphatikizapo zinanazi. Akuti kunyanjako anthu atopa nawo, akungoyoyoka pansi pa mitengo ana nkumadutsa osatola. Disembala ameneyo.

Ndawakhuthulira pa mkeka nkuyamba kusankha. Ena opsa kwambiri moti chala chimangolowa, ena apakatikati, ena aawisi gwa. Ndinalibe pulani iliyonse, ndimangoona zomwe zili patsogolo panga nkumaganiza kuti awa akhala chani, awa akhala chani. Mvula itakata ndakwera kabaza wa ku Zigwagwa kukagula mandimu, adyo ndi kambuzi basi, koma pobwera mu jumbo munali masuku, jinja ndi chikasu, chifukwa mayi wina wa mandimu anandilozera mnzake kuseri kwa mabenchi yemwe anali ndi masuku okoma zedi, ndipo ndisanafike kwa iyeyo ndinadutsa pa mzere wa zokometsera ndiwo womwe sindinkaudziwa nkomwe. Ndinangoti yewo chomene mama, ulendo wa kunyumba.

Kufika ndapeza mng'ono wanga ali pa Switch, makina osewerera magemu a Nintendo aja achimwene anabwera nawo kuchokera ku Johannesburg, akusewera Zelda Breath of the Wild. Kwa amene simusewera, iyi ndi imodzi mwa magemu amati open world, kutanthauza kuti sakukuyendetsa mu kanjira kamodzi ayi, amakupatsa dziko lonse nkukusiya. Ambirife kuno tinazidziwira pa GTA San Andreas ya 2004 ija, m'timashopu ta PS2 tolipira mphindi, pomwe mwana aliyense ankasiya mishoni nkutenga njinga ya CJ, mnyamata yemwe umamuyendetsa mu gemumo, kuzungulira mzinda wa Los Santos kapena kukakwera Mount Chiliad. Ngakhale kudya kunali ndi zotsatira zake mmenemo, CJ akadya kwambiri ankanenepa mpaka umutengere ku jimu. Koma Zelda iyi, yomwe Nintendo inatulutsa mu 2017, inapita patali. Ukangotsika pa Great Plateau pomwe umayambira, ukafuna utha kulunjika pompo ku nyumba yachifumu kukalimbana ndi Ganon, mdani wamkulu wa mu gemumo, palibe amene akuletse, kungoti ufika ulibe mphamvu. Enafe timatha maola tikuthyola zipatso mu nkhalango.

Nde ine ndili pa mbaula pakhonde, iye ali pa mpando pafupi ndi khomo, tonse tikuphika. Zoonadi, mu gemumo muli mphika. Umanyamula zinthu zosapitirira zisanu nkuponya mu mphika uli pamoto, tsabola amakuteteza ku kuzizira ukamakwera mapiri a chipale, nthochi zimawonjezera mphamvu yomenyera, chipatso cha minga chija amati durian chimawonjezera mitima, yomwe ndi moyo wako mu gemumo. Ukasakaniza zosagwirizana chimatuluka chakudya chonyansa mpaka chithunzi chake anachiphimba. Apozi ukamusiya pafupi ndi moto amawotcheka yekha. Mvula ikagwa moto wa panja umazima ndipo miyala imaterera osakwereka, apa nde wa ku Mzuzu aliyense amamvetsa popanda kumufotokozera. Chomwe chimandisangalatsa nchoti gemuyi sikupatsa buku lonse la kaphikidwe pachiyambi. Imangoonetsetsa kuti chinthu chilichonse chili ndi khalidwe lake lomwe silisintha, iwe ukalidziwa khalidwelo zotsalazo upeka wekha.

Mango nawonso ali choncho ndipo ndi zomwe ndakhala ndikuganiza tsiku lonse ndikutakasa poto. Aawisi ali ndi asidi wambiri komanso pectin, kanthu kaja kamene kamagwiritsa jamu kuti alimbe, koma akamapsa pectin amachepa shuga nkuchuluka. Ndichifukwa chake jamu wa mango opsa okhaokha amakhala phalaphala ngakhale uwiritse mpaka makala kutha. Ine ndinasenda opsawo, kuwasefa pa sefa kuti ulusi utsale, kenako nkudulira apakatikati angapo ndi kufinyira mandimu, shuga makapu atatu pa makapu anayi a mango. Kuti udziwe kuti wapsa sufunika chipangizo, umadontheza pang'ono pa mbale yozizira, ukakankha ndi chala nkuchita makwinya ndekuti watheka. Mabotolo ndinawawiritsa kaye, zimenezi musamazidumphe chonde, nkhungu siyichedwa nyengo ya chinyezi ngati ino.

Aawisi aja apita ku achali. Kuwatsuka bwinobwino poyamba chifukwa utomoni wake umawotcha milomo, kuwadula ndi khungu lomwe, mchere wambiri kuti madzi atuluke, mawa dzuwa likawala ndiwayanika pang'ono kenako mafuta otentha, kambuzi, adyo, jinja ndi chikasu. Chinanazi chimodzi tadya, china ndapala pang'ono nkupaka nyama ya ng'ombe yolimba ija tinagula Lachinayi, paja chinanazi chosaphika chimafewetsa nyama ngati mmene agogo ankachitira ndi masamba a papaya. Osachisiya nthawi yaitali koma, nyama imasanduka phala.

Alamu poyamba amati magemuwa ndi kutaya nthawi, mwana wamkulu ngati uyu bwenzi akuwerenga. Sindinatsutse, ndinangowapempha kuti akhale pansi aone kaphikidwe kake. Sipanathe mphindi khumi anayamba kulamula, iwe ika nyama ndi tsabola osati bowa, thyola zipatso zija wazidutsa, bwanji ukuthamangira kutsogolo pomwe uko kukuoneka utsi. Mayi amene sanayezepo mchere ndi supuni moyo wawo wonse, amene amadziwa kuti mafuta atentha pongomva kulira kwake, anaimva gemuyi msanga kuposa anzanga ena omwe amatsegula YouTube kuti awauze pokhota paliponse. Ndipo ine apa ndili ndi mbali, kusewera open world uku ukutsatira vidiyo ya munthu wina ndi kudzibera wekha. Wagula dziko lonse nkuyenda mu mapazi a mnzako basi.

Koma pali pomwe zinthu ziwirizi zimasiyana ndipo pamandipweteka. Mu gemu apozi ukamuika m'thumba sawola, mitengo imaberekanso pakapita kanthawi, ukazimitsa lero nkudzayatsa chaka chamawa upeza zonse zikukudikira. Mango athuwa ikamafika Febuluwale atha. Pano akuwolera pansi mtunda wa makilomita pafupifupi 50 okha kuchokera pano, koma Juni akafika tidzakhala tikugula juwisi wa m'mabotolo pa mtengo wokwera. Ndikudziwa kuti shuga ndi makala sizotchipa, si banja lililonse lingapange jamu, koma kuyanika mango odula mopyapyala kumangofuna dzuwa ndi nsalu yotchingira ntchentche, ndipo kunyanja dzuwa amalipeza kuposa ife kuno kumtunda. Alamu akuti akayesa ndi amayi anzawo a ku tchalitchi, ndawalonjeza mabotolo awiri a jamu kuti akalawitse.

Masuku sindinawakhudze, nthawi inatha. Ali ndi njere zikuluzikulu, nyama yake ndi yochepa, nde ndikuganiza zowafinya mmadzi pang'ono nkusefa kuti ndithire mu phala la mgaiwa mawa tisanapite ku tchalitchi. Mng'ono wanga wandisiyira Switch usiku uno, akuti ndimufikitsire ku mudzi wa Hateno, koma panjira pali phiri lina lomwe sindinalikwerepo nde ndamuuziratu kuti asadalire kwambiri.