Sabata yachisanu ndi Mao: mpunga wayamba kumvera

Usiku wa Lachitatu ndinamaliza magawo 12 oyamba a Shin Chuka Ichiban, katuni ya ku Japan imene a Production I.G anatulutsa mu 2019. Yakale ija, Chuka Ichiban ya a Nippon Animation ya mu 1997, ndinaimaliza mwezi watha, magawo onse 52. Zonse ziwiri zinachokera m'buku lazithunzi la Etsushi Ogawa, ndipo nkhani yake ndi ya Mao, mnyamata wophika wa ku Sichuan, ku China, m'nthawi ya mafumu a Qing.

Mtima wanga watsalira ku yakale. Yatsopanoyi ndi yokongoladi, mafuta amachita kunyezimira m'chiwaya, nthunzi ya chakudya kukhala ngati ikufika pamphuno. Vuto lake ndi liwiro. Imayamba Mao atapambana kale mayeso a ophika apamwamba, ali ndi chizindikiro chake pamkono, pomwe ine ndinamukonda chifukwa ndinamuona akuvutikira. Ndinamuona akuteteza lesitilanti ya malemu mayi ake, kenako n'kupita ku Guangzhou kukaphunzira kwa Chouyu, mphunzitsi wosaseka uja. Amene wayambira pa ya 2019 angomupeza mwanayu ali kale katswiri wa zaka 13, osadziwa thukuta lake.

Tsono za kukhitchini, poti n'zimene zinandiyambitsa zolembazi.

Mpunga wagolide wokazinga wa m'katuniyi, umene njere iliyonse imavala dzira, ndauyesa kachitatu. Ulendo woyamba ndinathira mpunga wotentha, wongophula kumene, ndipo unasanduka phala. Wachiwiri unapserera chifukwa makala pambaula anali atayaka mopitirira. Dzulo ndinatenga wa Kilombero wogona, wozizira bwino, n'kuufikisa ndi zala mpaka njere zitalekana. Ndinausakaniza ndi zachikasu za mazira atatu usanapite pamoto. M'chiwaya munali mafuta ochepa koma otentha kwambiri. Patangopita kanthawi njere zinayamba kudumphadumpha, iliyonse payokha, zachikasu ngati maluwa a maungu. Mchemwali wanga analawa n'kungoti, "Achimwene, muwonjezere kamchere, koma uwu ndiye mpunga." Ndinagona mokondwa.

Chimene chandigwira mtima kwambiri ndi mapo tofu ya kumayambiriro kwa katuni yakale, chakudya cha ku Sichuan chophikidwa ndi nyama yogaya, tsabola ndi tofu, amene ndi mkaka wa soya wogwirana. Chinsinsi cha mayi ake a Mao chinali choti m'malo mwa nyama ankaikamo soya wokonzedwa mofanana ndi nyama yogaya, wokhukhuta pomutafuna. Nditaona zimenezo ndinaimitsa kaye kanemayo, chifukwa nyama ya soya yomweyo ndi imene timagula pagolosale mwezi ukafika pakati. Ndinaiviika, kuifinya madzi onse, kuidula tizidutswa, n'kuikazinga mpaka itauma. Kukhukhutako kunatheka ndithu. Chimene chikusowa ndi tsabola wa ku Sichuan, amene amachititsa dzanzi pa lilime. Kambuzi amawawa mokwanira, koma dzanzi limenelo alibe. Tofu nayenso ndi wovuta kupeza kuno, choncho Loweruka ndiyesa kupanga ndekha ndi mkaka wa soya ndi madzi a mandimu.

Magawo ena 12 a yatsopanoyi, a mu 2021, ndiwayamba tofuyo akagwirana. Soya ndamuviika kale mu ndowa yaing'ono ija.