Tsiku limene ndinadzitamira ndi khola la akavalo

Amalume ndi amene anandiputa. Ndili pasukulu ku Bamberg, m'dziko la Germany, anandilembera pa gulu la WhatsApp la kubanja kuti: "Mphwanga, tatopa ndi zithunzi za mbatata pambale. Tiwonetse nyumba za mafumu a kumeneko."

Loweruka linalo ndinavala jekete yomwe ndinavala paukwati wa achemwali, n'kupalasa njinga makilomita pafupifupi 20 kupita ku Pommersfelden. Ndi kamudzi ka anthu pafupifupi 3,000, minda mbali zonse, koma pakati pake pali chinyumba chotchedwa Weißenstein. Chinamangidwa kuyambira 1711 mpaka 1718, ndipo anamangitsa ndi Lothar Franz von Schönborn, bishopu wa Bamberg yemwenso anali mkulu wa mabishopu ku Mainz. Abishopu a nthawi imeneyo za nyumba ya parishi analibe nazo ntchito.

Ndinafika thukuta lili kamukamu. Nditaima kuti chinyumbacho chikhale kumbuyo kwanga, dzuwa linandithobwa m'maso, chithunzi chilichonse ndinkaoneka ngati ndatafuna ndimu. Ndinangotembenuka. Kutsidya kwa bwalo kunali nyumba ina yokhota ngati mwezi wongooneka kumene, yokongola zedi. Ndinakonza kolala, dzanja limodzi m'thumba, kwatha. Pansi pake ndinalemba kuti: "Muno ndi mogona alendo olemekezeka a bishopu. Mwina lero ndigona momwemu."

Foni inayamba kulira. Azakhali anatumiza chithunzicho ku gulu la amayi a kumpingo, ati mwana wathu walandiridwa ndi abishopu.

Kenaka tinalowa m'kati ndi mayi wotiperekeza. Anatikweza pa masitepe otchuka a m'chinyumbacho, denga lonse lili zithunzi, khosi mpaka kuwawa. Nditapeza mpata ndinamufunsa, m'Chijeremani changa chothyokathyoka, kuti ndi alendo otani ankagona m'nyumba yokhota ija. Anati, "Pferde." Ndinagwedeza mutu mwaulemu, poganiza kuti ndi mtundu wina wa nduna. Ndinabisala kuseri kwa mzati n'kufunsa foni. Akavalo.

Ndinathamangira kufufuta chithunzicho, koma msuweni wanga, amene sagona pa intaneti, anali ataulula kale. Amalume anayankha ndi mawu ojambula, akutsokomola ndi phwete: "Mphwanga, ngati akavalo amagona motero, funsa ngati akufuna wina wokoka ngolo. Udzu ndizidya, usadere nkhawa."