Zikomo inu amene simunaope kundigwira dzanja

Lamulungu lapitali ndinapita kutchalitchi nditavala bulawuzi ya manja aafupi. Kwa ena ndi nkhani yaing'ono, koma ine ndinatha zaka zitatu ndikubisa zigongono mu juzi, ngakhale dzuwa likuswa mtengo mu Okutobala. Ndiye ndati ndilembe pano, poti ambiri mwa inu mavuto anga munawaona ndi maso.

Zinayamba ngati chipere pachigongono. Kenako m'mawondo, kumsana, mpaka m'mutu: zigamba zokhuthala, zoderako, zokhala ndi mamba otuwa amene m'mawa ndinkasesa pabedi ngati gaga. Wina amati ndi mphere, wina amati khate, ena amanong'onezana za kachilombo. Ogula mandasi anga anayamba kulambalala. Sindikuwada, nanenso mwina ndikadatero. Achibale atandikakamiza ndinapita kwa sing'anga, nanditema mphini kumsana. Patapita masabata awiri, pa mphini iliyonse panamera chigamba chatsopano, mizere mizere. Apo m'pamene nanenso ndinakhulupirira kuti ndalodzedwa.

Adokotala a khungu kuchipatala chachikulu, dzina lanu sinditchula, koma mukudzidziwa. Munagwira mkono wanga musanafunse funso lililonse, n'kunena kuti matendawa ndi psoriasis ndipo sapatsirana. Za mphini zija munati si ufiti: khungu la munthu wa psoriasis likatemedwa kapena kukandidwa, matenda amathamangira pabalapo, ndipo madokotala amachitcha Koebner.

Munandifotokozera mosathamanga, ndipo ndikubwereza pano kuti ena amve. Asilikali a m'thupi amatumizirana uthenga kudzera m'timapuloteni totchedwa ma cytokine. Zili ngati mfuu usiku: mmodzi akakuwa kuti wakuba, mudzi wonse umatuluka ndi zibonga. Ine vuto langa n'loti mfuu imamveka wakuba kulibe. Maselo ena a pakhungu amatulutsa cytokine yotchedwa IL-23, imene imadzutsa gulu la asilikali otchedwa Th17. Iwowa amatulutsa ina yotchedwa IL-17, ndipo ikathandizana ndi inzake ya TNF imalamula khungu kuti lichulukane msangamsanga. Khungulo nalonso limaitana asilikali ena, mfuu n'kumangozungulira osatha. Kwa munthu wabwinobwino khungu limasinthika pafupifupi mwezi wathunthu; langa linkathamanga m'masiku ochepa chabe, maselo osakhwima n'kumaunjikana pamwamba. Gaga ndinkasesa uja ndi ameneyo. Kutentha ndi kutupa kuja ndi mitsempha ya magazi yotseguka kuti asilikali adutse. Ndinatuluka m'chipinda chanu ndikulira, chifukwa kwa nthawi yoyamba chinthu chija chinali ndi dzina, osati dzina la mnansi womuganizira.

Munandidzudzulanso, ndipo munalondola. Mapiritsi a prednisolone ndinkagula ndekha aja ankayeretsa khungu, koma ndikangosiya matenda ankabwerera olusa kuposa kale. Panopa ndimamwa methotrexate kamodzi pa sabata, osati tsiku lililonse, pamodzi ndi folic acid, ndipo magazi amandiyeza kawirikawiri poteteza chiwindi. Methotrexate safuna mowa komanso safuna pathupi. Kunja kuli majakisoni otseka pakamwa cytokine imodzi yeniyeniyo, monga secukinumab wa IL-17 ndi adalimumab wa TNF, koma mtengo wake si wa munthu wokazinga mandasi. Chonde wina asathamangire kukagula zomwe ndatchulazi. Kaonaneni ndi adokotala kaye.

Bambo a kunyumba, inu munamva zonse zimene anthu ankalankhula, koma simunasamuke pabedi ngakhale usiku umodzi. Mwana wanga wachisamba, manja ako aang'onowo andipaka Vaseline kumsana madzulo aliwonse, ngakhale masiku amene unkakonzekera mayeso. Apongozi, munabwera kudzapepesa za mphini zija pamene ine sindinakusungireni kanthu. Munkafuna ndichire basi.

Amayi a Mvano, tsiku lija munandikokera pamphasa n'kudya nane m'mbale imodzi, anthu akuona, munachita zimene mankhwala sakanatha. Anzanga a banki m'khonde, ndalama za minibasi zopitira kuchipatala zinachokera kwa inu, ndipo ngongole yotsalayo ndimaliza mwezi uno. Ndi inu agogo oyandikana nafe, amene munkagula mandasi awiri m'mawa uliwonse ngakhale mano mulibe, ndikudziwa kuti munkapatsa adzukulu.

Sindinachiriretu, psoriasis sachoka ndi mizu. Nyengo yozizira ya Juni kapena nkhawa zikachuluka, tizigamba timasuzumira, ndipo mabala akuda a pamiyendo akadalipo. Pa 29 Okutobala ndi tsiku lokumbukira psoriasis padziko lonse, ndipo abusa andilola kulankhulapo mwachidule Lamulungu la sabata imeneyo.

Mandasi ayambiranso Lolemba, pamalo pomwe paja pafupi ndi chigayo.