Galimoto yatuwa mutapaka wax? Musafulumire kuyitana wa mashini

Pali chinthu chimandipweteka mtima pa nkhani ya magalimoto, ndiye ndati lero ndilembeko. Munthu watsuka galimoto yake bwinobwino, wagula kachitini ka wax pa mtengo wosaseweretsa, wapaka, wapukuta thukuta lili kamukamu, koma akaitulutsa poyera akupeza boneti yatuwa, pali kachifunga kenakake, pena mizeremizere ya mafuta, pena timabala. Akangodandaula pa car wash yankho limakhala lokonzeka kale: bwana imeneyi ikufunika mashini ndi compound (mashini opukutira aja ndi mankhwala okhakhala opalira penti). Ndiye penti yomwe inalibe vuto lililonse amayamba kuipala. Chonsecho nthawi zambiri kutuwako sikuli mu penti ayi, kuli pamwamba pa penti, ndi wax yemweyo amene sanachoke bwino, ndipo amachoka ndi kansalu koyera basi.

Ndiyambe ndi chifukwa chomwe ndimaumirira kuti mashini akhale omaliza. Penti ya galimoto zamasiku ano imabwera mosanjikiza, pansi primer, pakati mtundu weniweniwo, pamwamba clear coat amene amawalitsa komanso kuteteza ku dzuwa. Zonse pamodzi pa galimoto yochokera ku fakitale zimangokwana ma micron 100 mpaka 150 chapamenepo, ndipo micron imodzi ndi milimita imodzi mutaigawa ka 1000. Clear coat payekha amakhala cha m'ma 40 kapena 50, sakufika n'komwe kuchindikala kwa pepala lolembapo. Compound ntchito yake ndi kudya kameneko. Wadya wadya, sabwereranso, kupatula mutakapoperetsa penti yatsopano. Ndiye kupala clear chifukwa cha wax wotsalira ndi kuluza kwenikweni.

Wax wambiri amene timagula m'mashopu a ma spare amakhala ndi carnauba, phula lochokera ku masamba a mgwalangwa wina umene umamera kumpoto chakummawa kwa Brazil, madera a Piauí ndi Ceará. Phula limeneli palokha ndi lolimba zedi, limasungunuka pa madigiri 82 mpaka 86, simungalipake momwe lilili. Opanga amalisakaniza ndi mafuta komanso mankhwala ena ouluka kuti lifewe. Mukapaka, zoulukazo zimachoka, phula limagwira penti, ndiye zotsalazo n'zimene mumapukuta. Tsono apa ndi pamene ambiri samakhulupirira: chimene chimagwira penti ndi kochepetsetsa, kosaoneka ndi maso. Mupake pang'ono mupake kwambiri, kotsalira pa penti ndi komweko. Zili ngati Vaseline pakhungu, mukamwetsa wambiri sikuti khungu limwa yense, amangokhala pamwamba noninoni n'kumakola fumbi. Wax wochuluka amauma kunja kokha mkati muli muwisi, mukamapukuta mumangomuyendetsa uku ndi uku, kachifunga kaja ndi kameneko. Ngati mukuona zoyera zochindikala muli chapatali ndiye kuti mwachulutsa. Wopaka bwino amafunika kupendeka mutu kuti aone pomwe wadutsa.

Chachiwiri chomwe chimatipha kuno ndi kutentha. Mwezi wa October dzuwa likuswa mtengo, boneti ya galimoto yakuda imatha kupitirira madigiri 70, ndipo ma car wash ambiri ali pamtetete, shedi ngati ilipo ndi ya galimoto imodzi. Wax akagwera pa chitsulo chotentha choncho amauma musanamufalitse n'komwe, amachita kuphikika, ndiye pena wagwira kwambiri pena sanagwire, mabala aja. Komanso anthu amaiwala injini. Mwangofika kuchokera ku Limbe kapena ku Area 25, mwaimika pamthunzi, denga lazizira koma boneti ikadali kutenthedwa kuchokera pansi. Ikani kuseri kwa dzanja pa chitsulo, ngati mukumva kufunda dikirani kaye, palibe changu apa.

Koma musaganize kuti kuzizira ndiye kulibe mavuto. Nthawi ya chiperoni, June ndi July ku Blantyre, Thyolo, Mulanje, mpweya umakhala wodzadza ndi chinyezi moti wax amachedwa kuuma kuposa zomwe zalembedwa pachitini. Nyengo ya dzinja chimodzimodzi. Palinso china chozunguza mutu: mwapukuta madzulo, galimoto ikuwala phuliphuli, yagona panja mame agwa, mawa lake dzuwa litangoiomba mukupeza yatuwanso. Amenewo ndi mafuta a mu wax amene anali asanathe kuuma, atuluka pamwamba ndi kutentha. Musadandaule nazo, penti ili bwinobwino. Ine yanga ndi yakuda ndiye izi ndimaziona msanga, pa zoyera ndi za siliva zimachitikanso kungoti sizionekera.

Nthawi yoyenera kupukuta musamayang'ane wotchi yokha, gwiritsani chala. Dutsitsani chala choyera pomwe mwapaka. Ngati chasiya kanjira koyera kowala, wakonzeka. Ngati chasiya zonona, mupatseni mpata. Koma werenganinso pachitini chifukwa alipo ma wax ena amene amati pakani n'kupukuta pompopompo, amenewo mukawasiya aume ndiye mulimbana nawo mpaka mkono kuwawa. Ndipo musamapake galimoto yonse kenako n'kuyamba kupukuta, pofika ku buti ku boneti kuja kwauma gwa. Chitseko chimodzi, pukutani, kenako china.

Tsopano tinene kuti zachitika kale, galimoto yatuwa. Choyamba ilowetseni pamthunzi izizire. Ngati yagona kapena yayenda pafumbi itsukeni kaye, kupukuta pouma pali fumbi ndi kukanda penti dala. Mukatero sankhani kamalo kakang'ono, kongokwana chikhatho, mupukute ndi nsalu ya microfibre yoyera, youma, mopepuka osati mokanikiza. Ngati kachifunga kakusuntha kapena kusintha mbali malingana ndi momwe mwapukutira, sangalalani, kali pamwamba. Pitirizani ndi galimoto yonse koma muzitembenuza nsalu pafupipafupi, ikakhuta wax imayamba kubweza zomwe yachotsa. Pamene pakukanika wazani timadzi tozizira pang'ono ndi kabotolo kopopera kenako pukutani, madzi ozizira amalimbitsa mafuta aja n'kuchoka mosavuta. Amene muli ndi quick detailer, mankhwala opopera opukutira galimoto mwachangu, ndiye bwino kwambiri.

Pouma gwa paja pali njira imene anthu amadabwa nayo koma imagwira: pakaninso wax yemweyo pang'ono pamwamba pa woumayo, ndiye mupukute nthawi yomweyo asanaume. Mankhwala ali mu watsopanoyo amafewetsa wakaleyo, onse amachokera limodzi.

Zikakanika zonsezi ndiye chotsani wax yense muone penti ili maliseche. Isopropyl alcohol, mankhwala amadzimadzi oyeretsera amene amauluka msanga, amagwira ntchito imeneyi, koma osamuthira momwe alili. Ngati mwapeza wa 70%, muyezo umodzi wa iyeyo musakanize ndi miyezo itatu kapena inayi ya madzi abwino, mupopere pansalu, mupukute kamalo kamodzi, muumitse. Chonde thinner ayi, petulo ayi, zimenezo zimatha kufewetsa penti makamaka pamene panapoperedwapo kale ndi ma panel beater. Ndipo ngati galimoto yangopentedwa kumene musaipake wax n'komwe mpaka patadutsa mwezi kapena miyezi ingapo, funsani amene anapentayo, chifukwa penti yatsopano imakhala ikutulutsabe mankhwala ake ndipo mukaitsekera imatuwa.

Mukachotsa wax n'kupeza pansi pali powala bwino, nkhani yatha, tsukani mupakenso mopyapyala. Koma ngati patuwabe, apo ndiye wax analibe mlandu, vuto linalipo kale kungoti simunaliyang'anitsitse. Walitsani tochi ya foni chapafupi. Mukaona timizere tating'onoting'ono tozungulira kuwalako, kumeneko ndi kukandika, ndipo gwero lake nthawi zambiri ndi nsalu. Mutton cloth imodzimodzi yapukuta matayala, yagwa pansi, yalowa mu baketi ya madzi a matope, kenako ikubwera pa boneti. Onjezerani sopo wa ufa wochapira zovala amene ena amatsukira galimoto, wamphamvu kwambiri, amachotsa wax yense komanso timibulu tosasungunuka timakanda. Madzi a pamjigo nawonso m'madera ambiri amakhala ndi mchere, akaumira pa galimoto amasiya timadontho toyera, ndiye mukapaka wax pamwamba pake mwatitsekera momwemo. Kukandika kotere ndi kumene kumafuna polishi weniweni, ndipo ayambe ndi wofewa, compound abwere pokhapokha wofewayo walephera.

Chomvetsa chisoni ndi ma ex-Japan athu ambiri, ma Vitz, ma Sienta, ma Note, amene amafika kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe ali kale ndi zaka khumi kapena kuposa, kenako n'kumakhala padzuwa lathuli tsiku ndi tsiku opanda galaja. Denga ndi boneti zimayamba kuyera ngati mkaka, pogwira pali pokhakhala, m'mphepete mwa bala mukuyamba kusupuka. Ameneyo ndi clear coat amene wafa. Wax amamubisa masiku ochepa chifukwa cha mafuta, kenako zimabwerera, ndipo mashini amangofulumizitsa kusupukako. Mankhwala ake ndi kupopera penti basi, aliyense wokuuzani kuti achotsa ndi polishi akungofuna ndalama zanu. Koma musasokoneze ndi galimoto zina zoyera, monga ma Probox ndi ma Hilux ena, zomwe penti yake ilibe clear wapadera. Zimenezo zikakalamba zimachita ufa, mukapukuta ndi polishi nsalu imatenga mtundu woyera, ndipo zimatha kuwalanso bwinobwino zikapalidwa pang'ono.

Musanayambe kupaka muzimva penti ndi zala mutatsuka. Ngati ikumveka mchengamchenga ndiye pali zomatirira, utomoni wa mitengo, phula la pamsewu, fumbi la mabuleki, ndipo wax pamwamba pa zimenezo sangagone bwino, pamafunika clay bar kaye, kachinthu konga dongo kamene kamachotsa zomatirirazo. Musamasakanizenso mankhwala mwachisawawa, sealant (mankhwala ena oteteza penti ngati wax) pansi wax pamwamba zimatheka koma sealantyo ayambe wauma, ambiri amati maola 12 kapena kufika 24.

Za mapulasitiki akuda a m'mabampa ndi m'mphepete mwa magalasi, wax akakhudza pamenepo amasiya zoyera zomwe sizichoka ndi madzi. Tengani labala wofufutira pensulo, woyera uja, mufufute pang'onopang'ono, kapena mswachi wakale ndi madzi a sopo. Ulendo wina matanipo tepi ya pepala musanatsegule chitini.