Mavitamini a maso, makina a OCT, ndi funso loti anayesedwa ndani

Teremu ino tikuphunzira kuwerenga malipoti a kafukufuku wa matenda a maso, ndipo amene wandikhala m'mutu ndi wa AREDS, wochitidwa ndi bungwe la National Eye Institute ku America. Zotsatira zake zinatuluka mu 2001. Ankafufuza matenda a ukalamba omwe amawononga macula, kachigawo kapakati pa retina (kansalu ka kumbuyo kwa diso kolandira kuwala) kamene timawerengera zilembo ndi kuzindikirira nkhope za anthu. Ena anawapatsa mapiritsi okhala ndi vitamini C wokwana 500 mg, vitamini E 400 IU, beta-carotene 15 mg, zinc 80 mg ndi copper 2 mg, ena mapiritsi opanda mankhwala. Mwa anthu amene matenda anali atafika pakatikati, kapena anali atawononga kale diso limodzi, chiopsezo choti afike poipa chinatsika ndi pafupifupi 25 peresenti pa zaka zisanu.

Malire a zotsatirazi ndi amene ndinachedwapo. Amene matenda anali atangoyamba kumene sanaoneke kuti apindula. Pa ng'ala mapiritsiwo sanasinthe kanthu. Ngakhale mwa opindulawo, kuona kumene kunatayika sikunabwerere, matenda anangochepetsa liwiro basi.

Kenaka kunabwera AREDS2, ya anthu 4,203, imene inatuluka mu 2013. Beta-carotene anapezeka kuti amawonjezera chiopsezo cha khansa ya m'mapapo, makamaka mwa amene anasutapo fodya, ndiye m'malo mwake munalowa lutein 10 mg ndi zeaxanthin 2 mg. Mafuta a nsomba a omega-3, omwe ambiri ankawayembekezera, sanawonjezere phindu lililonse. Apa ofufuzawo ndimawalemekeza. Anayesanso mankhwala awo omwe, napeza vuto, nanena poyera.

Pafupifupi onse amene analowa mu kafukufuku ameneyu anali azungu, ndipo matenda a macula ndi ofala pakati pawo kusiyana ndi pakati pa anthu akuda. Ife vuto lathu lalikulu ndi ng'ala ndi glaucoma. Kafukufuku wa ku Baltimore, wofalitsidwa mu 1991, anapeza kuti glaucoma imagwira anthu akuda kuposa azungu kangapo konse, ndipo imayamba adakali ndi zaka zochepa. Nchifukwa chake zimandipweteka ndikaona pa WhatsApp ndi Facebook anthu akutsatsa mabotolo a mavitamini kuti amachiza matenda onse a maso, glaucoma yomwe, kwinaku akutchula mawu oti "kafukufuku wa ku America". Kafukufuku wa mavitaminiyo, AREDS uja, alipodi, koma sanakhudze glaucoma nkomwe.

Glaucoma imapha timinyewa ta mtsempha wonyamula zimene diso laona kupita ku ubongo. Imadya ngati chiswe mu mtengo wa denga: kunja kuli bwinobwino, m'kati mwatha. Munthu samva kupweteka, amawerenga bwino, koma m'mbali mwayamba kuda, ndipo diso linalo limaphimba vutolo. Kamnyewa kakafa, kafa. Chokhacho chimene chatsimikizika kuti chimathandiza ndi kutsitsa presha ya m'diso, kaya ndi mankhwala odontheza monga timolol ndi latanoprost, kaya ndi laser, kaya opaleshoni. Mu kafukufuku wa OHTS wa 2002, mwa anthu a presha yokwera amene ankadontheza mankhwala, 4.4 peresenti ndi amene anayamba glaucoma pa zaka zisanu, pomwe mwa osadontheza anali 9.5 peresenti. Koma presha payokha siikwana pozindikira matendawa, chifukwa ena mtsempha umawonongeka presha ili pansi pa 21 mmHg, malire a presha imene imatengedwa kuti ndi yabwinobwino.

Apa ndi pamene makina a OCT, ojambula m'kati mwa diso pogwiritsa ntchito kuwala, amalowera. David Huang, James Fujimoto ndi anzawo a ku MIT anawafotokoza koyamba mu 1991. Wodwala amatsamiritsa chibwano pa kachitsulo, nkuyang'anitsitsa kanyali kali m'katimo, ndipo m'masekondi ochepa kuwala kwayeza makulidwe a timinyewa tozungulira mtsempha, popanda chokhudza diso. Mwa munthu wamkulu wa maso abwino makulidwewo amakhala cha m'ma 90 mpaka 100 micrometre (milimita imodzi ndi ma micrometre 1,000). Pepala la zotsatira limatuluka ndi mitundu itatu: chobiriwira ngati zili bwino, chachikasu ngati pali chokayikitsa, chofiira ngati timinyewa tapyapyala kuposa pafupifupi aliyense wa msinkhu umenewo. Pamakhalanso mzere wokhala ndi timapiri tiwiri, kam'mwamba ndi kam'munsi, ndipo glaucoma ikayamba, kawirikawiri kam'munsi ndi kamene kamayamba kuphwa.

Mitundu ija imakopa, moti wophunzira amafuna kungoyang'ana chofiira nkulemba dzina la matenda. Aphunzitsi athu anatifunsa kuti, "Makinawa akuyerekeza wodwala wanuyo ndi ndani?" Amamuyerekeza ndi anthu mazana ochepa chabe amene kampani inawayeza popanga makinawo. Munthu wosaona patali kwambiri akhoza kutulutsa chofiira alibe glaucoma. Anthu ochokera ku Africa nawonso mutu wa mtsempha wawo, pamene mtsemphawo umatulukira m'diso, umakonda kukhala wokulirapo, zomwe zingasokoneze woweruza mothamanga. Ng'ala ikakhala yokhwima, chithunzi chimatuluka chosadalirika. Funso lija la AREDS labweranso pa makina: anayesedwa ndani?

Makina amenewa ndi odula, ndipo zipatala zambiri za m'maboma zilibe. Choncho ndapempha kuti miyezi ikubwerayi ndizikhala nthawi yambiri pa slit lamp, chipangizo chounikira diso ndi kulionetsa mokulitsa, kuzolowera kuona mutu wa mtsempha ndi maso anga, kulondola mkombero wake mpaka nditazindikira pamene wayamba kudyeka. Ndayambanso kufunsa wodwala aliyense wopitirira zaka 40 ngati kwawo kuli wina amene anachita khungu pang'onopang'ono diso lili loyera, chifukwa glaucoma imayenda m'magazi, ndipo yankho likakhala inde, abale akenso ayenera kubwera kudzayezetsa.